Cifuwa Cobwerezabwereza mwa Ana Aang'ono: Mmene Madotolo Amafufuzira Gwero Lake

M'makiliniki ndi m'zipatala za m'makomboni a mzinda wa Lusaka, monga Kanyama, Matero, Chawama, Kalingalinga, Mtendere ndi George, cifuwa ndi cimfine ndi ena mwa matenda amene amabweretsa ana ambiri pamzere, makamaka m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi. Ambiri mwa anawa amacira patangopita masiku owerengeka. Koma pali kagulu kena ka ana amene amabwerera kucipatala mwezi ndi mwezi ndi vuto lomwelo. Amapatsidwa mankhwala, n'kupezako bwino kwa milungu iwiri kapena itatu, kenaka cifuwa cija n'kuyambanso. Kwa mwana wotere botolo lina la mankhwala silithetsa nkhani. Cofunika ndi kupeza cimene cikucititsa kuti matendawo azibwerera, pakuti zambiri mwa zifukwa zake zili ndi cithandizo ngati zadziwika msanga, ndipo zina zimaononga mapapo kwa moyo wonse ngati zacedwa kudziwika.

Cimfine wamba ndi cibayo

Mwana wathanzi wa zaka zosakwana 5 angadwale cimfine maulendo 6 mpaka 8 pa caka. Amene wayamba kupita ku sukulu ya mkaka, kapena amene ali ndi akulu ake a pasukulu, angapitirire pamenepo. Izi zimacitika cifukwa citetezo ca m'thupi mwake cimakhala cikukumana koyamba ndi tizilombo tambirimbiri ta cimfine. Kutsokomola kotsalira pambuyo pa cimfine kungatenge milungu iwiri kapena itatu. Ngati mwanayo akudya, akusewera, sikelo yake ikukwera, ndipo pakati pa matendawo amakhala bwinobwino, kawirikawiri sipakhala vuto lobisika.

Cibayo n'cosiyana. Awa ndi matenda a m'mapapo enieniwo, mmene timatumba ta mpweya timadzaza madzi ndi mafinya. Akatswiri a matenda a ana amati cibayo n'cobwerezabwereza ngati mwana wadwala kawiri kapena kuposerapo m'caka cimodzi, kapena katatu pa moyo wake wonse. Zinanso zimene zimafuna kufufuza ndi cifuwa ca makhololo copitirira milungu 4, kutuluka mafinya m'khutu kosaleka, zilonda zoyera m'kamwa mwa mwana woposa caka cimodzi, ndiponso sikelo yoima kapena yotsika.

Njira yosavuta yozindikirira cibayo ndi kuwerenga kapumidwe ka mwana kwa mphindi imodzi yathunthu, iye ali phee, osati akulira. Malinga ndi malangizo a bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO, amene anamwino a m'dziko muno amatsatira, mwana akupuma mofulumira ngati wafika maulendo 60 pa mphindi asanakwanitse miyezi 2, maulendo 50 kuyambira miyezi 2 mpaka 11, ndi maulendo 40 kuyambira caka cimodzi mpaka zaka 5. Ngati m'munsi mwa nthiti mukulowa m'kati pamene akukoka mpweya, afunika kuonedwa kucipatala tsiku lomwelo. Ngati akulephera kuyamwa kapena kumwa, akusanza ciliconse, akukomoka, ali lefu ndipo sakudzuka msanga, kapena milomo yake yayamba kuda, sayenera kudikira kuti kunja kuce.

Zimene zimayambitsa cibayo mwa ana a ku Lusaka zinafufuzidwa mozama. Pakati pa 2011 ndi 2014, cipatala cacikulu ca University Teaching Hospital, codziwika kuti UTH, cinali m'gulu la zipatala za m'maiko 7 zimene zinacita kafukufuku wochedwa PERCH. Zotsatira zake, zimene zinafalitsidwa mu 2019, zinaonetsa kuti mwa ana opanda kadoyo ka HIV amene anagonekedwa ndi cibayo coopsa, pafupifupi 61 pa 100 alionse anadwala cifukwa ca mavairasi, ndipo vairasi imodzi yokha yochedwa RSV inali ndi gawo la pafupifupi 31 pa 100. Kafukufuku wina wochedwa ZPRIME, amene anapima makanda omwalira ku Lusaka ndipo anafalitsidwa mu 2022, anapeza kuti pafupifupi awiri mwa makanda atatu alionse amene anamwalira ndi RSV anafera kunyumba kapena panjira, asanalandire cithandizo ca cipatala. Maantibayotiki sapha mavairasi. Komabe cibayo ca mabakiteriya ndico cimapha mofulumira, ndipo n'cifukwa cake mwana wopuma mofulumira amapatsidwa amoxicillin ngakhale kacilombo kenikeni kasanadziwike.

Mafunso amene dotolo amafunsa

Kufufuza kumayamba ndi mafunso, makina amabwera pambuyo. Dotolo kapena wothandizira dotolo amafuna kudziwa msinkhu umene mwanayo anayambira kudwala, pakuti vuto loyamba m'miyezi yoyambirira ya moyo limaloza ku cinthu cobadwa naco kapena ku HIV, pamene loyamba mwadzidzidzi mwa mwana wa zaka 2 amene anali wathanzi limaloza kwina. Amafunsa ngati anabadwa masiku asanakwane, ngati amatsamwa pakudya, ngati amatuluka thukuta pakuyamwa, ngati cifuwa cimakula usiku, ngati m'nyumbamo muli wina wotsokomola, zimene banjalo limaphikira, ndiponso ngati alipo m'bale wake amene anamwalira ali wakhanda.

Apa ndi pamene pali mpata waukulu m'makomboni. Mwana mmodzi angaonedwe ku George mwezi uno, ku Matero mwezi wamawa, kenaka n'kugulidwira mankhwala pa sitolo, ndipo aliyense womuona amaganiza kuti ndi ulendo woyamba. Nthawi zina amene wabwera naye ndi agogo ake, mkulu wake wa zaka 14 kapena mneba, pakuti amayi ake ali ku msika, ndipo munthuyo sadziwa mbiri ya matendawo. Khadi la ku sikelo, makadi onse a kucipatala, zithunzi zakale za X-ray ndi mabokosi a mankhwala amene mwana anamwa kale ndi umboni wofunika kwambiri. Mzere wa sikelo pakhadipo umauza dotolo zambiri kuposa zopima zina zodula. Ndipo kholo likangonena kuti uwu ndi ulendo wacitatu caka cino, kapimidwe konse kamasintha.

Zithunzi za X-ray zikaikidwa pamodzi zimayankha funso lina lalikulu. Ngati cibayo cimabwerera pa malo amodzimodzi a phapo, ndiye kuti pamalopo pali cotchinga njira ya mpweya: cinthu cimene mwana anatsamwa naco, mwanabere wa TB amene akupanikiza njirayo, kapena cilema cobadwa naco. Ngati cimasinthasintha malo, vuto lili m'thupi lonse, monga citetezo cocepa, mphumu, matenda a mtima kapena cakudya colowera ku mapapo.

Cifuwa cacikulu ca TB

Ku Lusaka, dotolo aliyense woona mwana wa cifuwa cosatha amayamba waganizira TB. Kafukufuku wa boma wa mu 2013 ndi 2014 anapeza kuti akuluakulu 638 pa 100,000 alionse m'Zambia anali ndi TB ya m'mapapo yotsimikizika. Mwana wamng'ono satenga matendawa kutali. Amawatenga kwa munthu amene amagona naye cipinda cimodzi kapena womulera masana: kholo, agogo, amalume, kapena mlendo wocokera kumudzi amene anakhala miyezi iwiri n'kubwerera. N'cifukwa cake funso la munthu wotsokomola limakhudza caka cathunthu kapena ziwiri zapitazo, ndipo limakhudzanso amene anamwalira ndi cifuwa cosadziwika.

TB ya mwana ndi yovuta kuigwira. Zizindikiro zake ndi cifuwa copitirira milungu 2 cimene sicimva amoxicillin, kutentha thupi kosatha, kusakwera sikelo, kuleka kusewera, ndi anabere osapweteka m'khosi. Mwana wamng'ono sadziwa kulavula makhololo, amawameza, ndiponso tizilombo ta TB timakhala tocepa m'thupi mwake kuyerekeza ndi mwa munthu wamkulu. Acipatala amatenga madzi a m'mimba m'mamawa mwana asanadye, pogwiritsa nchito kapaipi kodzera m'mphuno, n'kuwapima ndi makina a GeneXpert. Masiku ano WHO imavomerezanso kupima cimbudzi ca mwana ndi makina omwewo, pakuti makhololo omezedwa aja amatulukira kumeneko. Koma zotsatira zikaonetsa kuti mulibe tizilombo, sizitanthauza kuti mwanayo alibe TB. Ana ambiri amayamba mankhwala potengera mbiri yao, zizindikiro ndi cithunzi ca X-ray, ndipo kumeneko ndiko kacitidwe koyenera.

Kuopsa kwa kuphonya matendawa kunaonekera poyera pa UTH. Malemu Pulofesa Chifumbe Chintu ndi anzao anapima mitembo ya ana 264 amene anamwalira ndi matenda a m'cifuwa, ndipo lipoti lao, limene linatuluka m'magazini ya zacipatala ya The Lancet mu 2002, linaonetsa kuti pafupifupi mwana mmodzi pa asanu alionse anali ndi TB. Kupima kwina kwa mitembo ya ana pa cipatala comweco, kofalitsidwa mu 2016, kunapezanso TB mwa ana amene ambiri a iwo sanadziwike kuti ali nayo pamene anali moyo.

Mankhwala a TB ndi aulere m'zipatala za boma, ndipo alipo a ana osungunuka m'madzi. Kwa zaka zambiri mwana aliyense anali kumwa kwa miyezi 6. Kafukufuku wochedwa SHINE, amene anacitika pa ana 1,204 ku Zambia, Uganda, South Africa ndi India, anaonetsa kuti TB yosafika poipa imacira pa miyezi 4, ndipo mu 2022 WHO inasintha malangizo ake motsatira zimenezi. Mwana wosakwana zaka 5 wokhala nyumba imodzi ndi wodwala TB ayenera kupimidwa ngakhale akuoneka wathanzi, ndipo akapezeka kuti sanadwale amapatsidwa mankhwala omuteteza kwa miyezi 3 mpaka 6. Mabanja ambiri amaphonya gawo limeneli, pakuti wodwalayo amapita yekha kukatenga mankhwala osachula zakuti kunyumba kuli ana.

Kadoyo ka HIV

Mwa ana 264 aja, 180 anali ndi HIV. Zinthu zasintha kwambiri kucokera nthawi imeneyo. Kuyambira mu 2013, mayi aliyense wapakati kapena woyamwitsa wopezeka ndi kadoyoka amayamba ma ARV a moyo wonse, ndipo ana obadwa nako acepa. Koma sanatheretu. Mayi angapimidwe ali ndi pakati n'kupezeka alibe, kenaka n'kutenga kadoyoka akuyamwitsa, nthawi imene kamapatsirana mosavuta kwa mwana. Palinso ana amasiye oleredwa ndi acibale amene sanapimidwepo, ndipo ena amafika zaka 6 kapena 8 akungochedwa ana odwaladwala. Conco kupima HIV kwa mwana wa cibayo cobwerezabwereza si kunyoza banja. Kumacitika kwa mwana aliyense wotere.

Mwana wosakwana miyezi 18 sapimidwa ndi kacipangizo kamene amapimira akuluakulu, pakuti m'magazi mwake mumakhala mukali zoteteza zocokera kwa amayi ake. Amatengedwa madontho a magazi ku cidendene n'kuwapima mwa njira ya PCR, pobadwa, pa milungu 6, ndiponso mobwereza kufikira atasiya kuyamwa. Makanda a HIV amagwidwa ndi cibayo ca mtundu wina cochedwa PCP, cimene sicimva amoxicillin. Mankhwala ocitchinjiriza ndi co-trimoxazole, amene anthu amawadziwa ndi dzina lakuti Septrin. Phindu la mankhwalawa kwa ana linatsimikizidwa ku Lusaka komweku. Kafukufuku wa pa UTH wa ana 541, wotsogoleredwanso ndi Pulofesa Chintu ndipo wofalitsidwa mu 2004, anaonetsa kuti kumwa Septrin tsiku ndi tsiku kunacepetsa imfa ndi 43 pa 100, ndipo malangizo a pa dziko lonse anasintha caka comweco. Ana obadwa kwa amayi a HIV koma iwo eni alibe kadoyoka nawonso amadwala cibayo kuposa anzao m'caka coyamba ca moyo.

Kusowa cakudya m'thupi

Kafukufuku wa zaumoyo wa m'dziko muno wa mu 2018 anapeza kuti ana 35 pa 100 alionse osakwana zaka 5 anali opinimbira. Kusowa cakudya ndi cibayo zimakokana: mwana wosadya mokwanira amadwala msanga, akadwala amakana kudya, ndipo asanabwezeretse thupi amadwalanso. Mwa mwana wonyenchera kwambiri cibayo cingakhalepo thupi lisanatenthe n'komwe. Anamwino amapima mkono wa pamwamba ndi kalamba ka mitundu itatu, ndipo muyezo wocepera masentimita 11.5 kwa mwana wa miyezi 6 mpaka zaka 5 umatanthauza kunyenchera koopsa. Mwana amene sakukwera sikelo ngakhale akulandira cakudya capadera ca kucipatala amapimidwanso TB ndi HIV.

Pa mwambo wa Acewa, mwana amene akutsokomola, kuonda ndi kutupa miyendo ndi masaya amanenedwa kuti ali ndi mdulo kapena tsempho, ndipo mlandu umagwera kholo limene akuliganizira kuti linaswa mwambo wa m'nyumba. Cikhulupiriro cimeneci cinabwera nao anthu m'tauni. Zizindikiro zomwezo ndizo za kusowa cakudya m'thupi, TB ndi HIV. Milungu imene banja limathera pa kukambirana za amene analakwa ndi kufunafuna mankhwala acikuda ndi milungu imene mwanayo alibe. Akuluakulu a banja angakambe nkhani yao, mwanayo ali kale m'manja mwa acipatala.

Mpweya wa m'nyumba

Mabanja ambiri a m'makomboni amaphikira malasha pa mbaula, ndipo m'nyengo yozizira mbaulayo imalowa m'nyumba ya cipinda cimodzi, citseko n'kutsekedwa. Mu 2024, cilala citacepetsa madzi ku Kariba, magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku, ndipo ngakhale mabanja okhala ndi masitovu a magetsi anabwerera ku malasha. Mwana wa kumbuyo amapuma utsi womwewo umene amayi ake akupuma pokazinga zitumbuwa kapena poocha cimanga m'mbali mwa mseu, ndipo popeza amapuma mofulumira kuposa munthu wamkulu, amalandira wambiri poyerekeza ndi thupi lake. WHO imati pafupifupi theka la imfa za cibayo mwa ana osakwana zaka 5 pa dziko lonse zimakhudzana ndi utsi wa m'nyumba. Utsi umalemetsa timaubweya tating'onoting'ono ta m'njira za mpweya timene timasesa zoipa, motero tizilombo timafika m'mapapo mosavuta. Malasha oyaka m'cipinda cotseka amatulutsanso mpweya wapoizoni wopanda fungo umene umapha anthu ali m'tulo, ngakhale utsi usakuoneka.

Pamwamba pa izi pali utsi wa fodya, wa zinyalala ndi mapulasitiki oochedwa pabwalo, ndi wa mankhwala ofukiza othamangitsa udzudzu. Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala ndi fumbi. M'dzinja, madera athyathyathya ngati Kanyama amasefukira, makoma amakhala onyowa kwa milungu yambiri, ndipo cuku ndi mphemvu zimacuruka, zomwe zimautsa mphumu. Kuuza banja locita lendi cipinda cimodzi kuti lisamuke ndi uphungu wopanda nchito. Zotheka ndi kuyatsira ndi kuphikira mbaula panja, kuitulutsa anthu asanagone, kusiya windo lotsegula pang'ono, kupereka mwana kwa wina pa nthawi yophika, ndi kuletsa kukokera fodya m'nyumba. Komabe utsi suyenera kulandiridwa ngati yankho lomaliza TB ndi HIV zisanapimidwe. Pafupifupi ana onse a pakomboni amapuma utsi umodzimodzi, koma si onse amene amagonekedwa katatu.

Mphumu

Ana ambiri amene amalembedwa kuti ali ndi cibayo cobwerezabwereza amakhala ali ndi mphumu. Mwana wa mphumu amalira m'cifuwa ngati kamluzu potulutsa mpweya, amatsokomola usiku ndi mbandakuca, pothamanga kapena poseka, ndipo nthawi zambiri m'banjamo mumakhala wina wa mphumu kapena wa zidzolo zoyabwa. Popeza nayenso amapuma mofulumira, amapatsidwa maantibayotiki ulendo uliwonse, n'kucira pa nthawi imene akanacira ngakhale popanda mankhwalawo. Ana osakwana zaka 5 sangathe kupuma m'makina opimira mapapo, conco dotolo amayesa kuwapatsa mankhwala opopera a salbutamol n'kuona ngati kupuma kwasintha m'mphindi zocepa. Makanda ambiri amene amalira m'cifuwa pa nthawi ya cimfine yokha amaleka akamakula.

Makolo ena amaopa kapopera, poganiza kuti mwana akayamba sangalekenso kapena kuti ndi ka anthu otsala pang'ono kumwalira. Izi si zoona. Mankhwala opopera amapita molunjika ku mapapo ndipo mlingo wake ndi wocepa kuposa wa mankhwala akumwa. Mwana wamng'ono amafunika kabotolo kolumikiza kapoperako ndi pakamwa pake. Madotolo a pa cipatala ca ana ca Red Cross ku Cape Town anaonetsa mu 1999 kuti botolo la pulasitiki la mamililita 500, lobooledwa bwino kumbuyo, limagwira nchito mofanana ndi cipangizo cogula. Mwana wobanika kawirikawiri amapatsidwanso mankhwala ena opopera a tsiku ndi tsiku oletsa kutupa kwa njira za mpweya.

Njere ya nshawa m'phapo

Cifukwa cimodzi cimene cimaphonyedwa kawirikawiri ndi kanthu kotsamwitsa. Mwana wa caka cimodzi mpaka zaka 3 akudya nshawa, cimanga cokazinga kapena akusewera ndi nyemba kapena mkanda, mwadzidzidzi amatsamwa, kutsokomola kwambiri, maso n'kufiira. Pakapita mphindi zingapo amakhala bwino, ndipo onse amaiwala. Koma njereyo yatsikira m'njira ya mpweya, kawirikawiri ya kumanja, imene ndi yotakata ndi yoongoka kuposa ya kumanzere. Patapita masiku kapena milungu, cibayo cimayamba kuseri kwa njereyo. Cimamva mankhwala, kenaka cimabwerera pa malo omwewo. Nshawa siioneka pa X-ray monga mmene imaonekera ndalama yacitsulo, conco cimene cimapulumutsa mwanayo ndi munthu wokumbukira tsiku limene anatsamwa. Njereyo imacotsedwa pa cipatala cacikulu, mwana atagonekedwa tulo, ndi kapaipi kokhala ndi nyali kolowetsedwa pakhosi. Ikakhalitsa miyezi yambiri, mbali imeneyo ya phapo ingaonongekeretu.

Cofanana ndi ici ndi cakudya colowera ku mapapo pang'onopang'ono. Zimacitika kwa ana opuwala ubongo amene amavutika kumeza, kwa makanda obwezabweza mkaka, ndiponso kwa mwana amene amadyetsedwa phala mokakamiza atagonekedwa cagada kapena atatsinidwa mphuno. Mwana akamwa palafini wosungidwa m'botolo la zakumwa zoziziritsa kukhosi sayenera kusanzitsidwa, pakuti posanza palafiniyo amalowa m'mapapo n'kuwaocha.

Mtima, magazi ndi zina zosowa

Pafupifupi mwana mmodzi pa 100 alionse amabadwa ndi vuto la mtima. Ngati pakati pa zipinda za mtima pali cibowo, magazi ocuruka amathamangira ku mapapo, ndipo mwanayo amadwala cibayo pafupipafupi. Amatopa ndi kutuluka thukuta pamphumi pakuyamwa, amayamwa modukizadukiza, amapuma mofulumira ngakhale sakudwala, ndipo sakula. Dotolo angamve phokoso lacilendo mu mtima, ndipo makina ounikira mtima amatsimikizira. Ana otere amatumizidwa kwa akatswiri a pa UTH ndi pa National Heart Hospital.

Matenda a sickle cell, amene mwana amatengera kwa makolo onse awiri, amaononga kapamba mwana akali wamng'ono, motero mabakiteriya a cibayo amapeza mpata. Cizindikiro coyamba kawirikawiri ndi kutupa kopweteka kwa manja ndi mapazi kuyambira pa miyezi 6, pamodzi ndi kucepa magazi ndi maso acikasu. Kupima magazi kumatsimikizira, ndipo mwanayo amapatsidwa penicillin wa tsiku ndi tsiku. Kwa iye kutentha thupi kulikonse n'kofunika cipatala tsiku lomwelo.

Mwana woliza mkonono usiku, wopumira pakamwa ndi wa mamina osatha angakhale ndi minofu yokula kuseri kwa mphuno, vuto la akatswiri a makutu, mphuno ndi mmero. Cikuku, cifuwa cokoka mtima ndi cibayo coopsa ca kale zingasiye njira za mpweya zitafutukuka ndi kusunga makhololo. Mwana wotere amatsokomola makhololo ambiri m'mawa uliwonse, ndipo nsonga za zala zake zimabulungira, zikhadabo n'kupindika. Ana obadwa ndi citetezo copunduka ca m'thupi ndi ocepa kwambiri, ndipo madotolo amaganizira zimenezi pamene zifukwa zofala zija zapimidwa n'kupezeka palibe.

Kumene cithandizo cimapezeka

Kufufuza kumayambira pa kiliniki ya pafupi, monga ya Kalingalinga, Mtendere kapena George, kumene kuli sikelo, kupima HIV ndi gawo la TB. Makiliniki a Matero ndi Chilenje, kenaka a Chipata, Kanyama ndi Chawama, anakulitsidwa n'kukhala zipatala ndi thandizo la boma la Japan, ndipo kumeneko kuli madotolo, X-ray ndi zipinda zogoneka ana. Mwana wofunika akatswiri amapatsidwa kalata yopita ku Cipatala ca Ana ca pa UTH kapena ku Levy Mwanawasa. Malipiro a pa makiliniki a boma a m'matauni anathetsedwa mu 2012.

Mankhwala ogula popanda kupimidwa amasokoneza kufufuza. Maantibayotiki omwedwa masiku awiri n'kusiyidwa amabisa zizindikiro ndi kulimbitsa tizilombo kuti tisamamve mankhwala. Mankhwala a madzi a cifuwa saciritsa cifuwa ca mwana wamng'ono, ndipo ena ndi oopsa: mu 2022, ana pafupifupi 70 anamwalira ku Gambia impso zitaleka kugwira nchito atamwa mankhwala a madzi okhala ndi poizoni. M'Zambia, bungwe la ZAMRA ndilo limalembetsa mankhwala ndi masitolo ovomerezeka kuwagulitsa. Kwa cimfine wamba, mkaka wa m'mawere ndi zakumwa zofunda n'zokwanira, ndipo uci ungaperekedwe kwa mwana woposa caka cimodzi.

Dotolo amayang'ananso katemera pakhadi. Katemera wa BCG amaperekedwa pobadwa. Wa matenda asanu, amene amateteza ku cifuwa cokoka mtima ndi ku bakiteriya wa Hib, amaperekedwa pa milungu 6, 10 ndi 14, pamodzi ndi katemera wa cibayo wa PCV amene boma linayamba kupereka mu 2013. Wa cikuku amaperekedwa pa miyezi 9 ndi 18. Mwana amene anaphonya angalandire pa sikelo, kapena pa Mlungu wa Umoyo wa Ana umene umacitika kawiri pa caka, pamene amapatsidwanso vitamini A ndi mankhwala a njoka za m'mimba.

Mwana amene wagonekedwa ndi cibayo kaciwiri amapatsidwa tsiku lobwerera ngakhale atacira. Pa tsikulo amapimidwa sikelo ndi kapumidwe, ndipo ngati dotolo waona kuti n'kofunika, amajambulidwanso X-ray patapita milungu 4 mpaka 6, nthawi imene phapo locira liyenera kukhala litayera. Cithunzi catsopano cimaikidwa pambali pa cakale, ndipo ngati mthunzi ukalipo pa malo omwewo, kalata yopita kwa akatswiri imalembedwa tsiku lomwelo.